Golide wa kuseri kwa dimba lanu

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno kwa Mlolo tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya. Nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasa, ndipo chitsime cha kumunsi chija chatsala matope okhaokha. Kalatayi ndikulembera pakhonde la nyumba yanu, poti ndi pokhapo pamene pakupita kamphepo. Nyumbayi sitinagwetse. Abale anu a ku Zemba, a gule aja, anaumirira kuti igwe monga mwa mwambo, koma akulu a mpingo anati isiyidwe. Ine ndinakhala mbali ya ampingo, ndipo ndisaname, chinandikopa ndi khonde lomweli.

Ndiyambe ndi za m'nkhokwe, chifukwa ndikudziwa kuti n'zimene mukanayamba kufunsa musanafunse za anthu. Chimanga chinachita bwino kumunda wa kuchulu, koma cha kudambo chinamira ndi mvula ya mu Febuluwale. Mtedza ndiye tinakolola wosaneneka. Mbewu yanu ija munabisa m'chikwatu kuseri kwa nyumba ndinaipeza, ndipo sindinagawireko aliyense, monga momwe inu munkakanira. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga. Mdzukulu wanu Esinati wayamba sukulu, ndipo dzina lake akulilemba paliponse, ngakhale pakhonde pamene ndangozira kumene. Kwa amayi aang'ono, a Marita, kwabadwa mdzukulu wamwamuna. Mphuno watengera kwa atate ake, koma tamukhululukira. A Maritawo maso aja atheratu, saonanso ngakhale dzuwa, koma pakamwa pali bwinobwino.

Tsono nayi nkhani imene mukanaimirira nayo n'kululutira. Ndili ndi pakati. Ndinazindikira titangoyamba kukolola, ndipo azamba akuti ndidzachira mvula itakhazikika. Inu mukudziwa mmene ndadikirira chichokere tsoka lija. Ndasangalala, Amayi, koma ndili ndi mantha, ndipo manthawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe.

Mwana wanu anabwera. Ndikunena alongo anga a Filimoni, omwe aja anachoka ine ndisanathe msinkhu, amene mudzi wonse unkati ndi mtchona. Anatulukira pa masika atanyamula kasutikesi ka malata, bulangeti, ndi chibeseni chachitsulo chimene akuti kalayi. Za maliro anu anamvera panjira, pasitolo ya ku Pembamoyo, kwa munthu amene sankawadziwa n'komwe, moti pofika pakhomo anali atalira kale. Ndinawaperekeza kumanda. Tili pamenepo anandifunsa ngati munkawatchula. Ndinati munkawatchula tsiku lililonse. Mawu amene munkawatchula nawo sindinawauze. Munkati madzi saiwala khwawa, Filimoni adzabwera, ndipo simunaname, kungoti madziwo anachedwa. Ndinawapatsa nyumba yanu kuti azigonamo.

Zaka zonsezi akuti anali ku Lupa, kumpoto kwenikweni, m'dziko la Tanganyika, kumene anthu amakumba golide m'makwawa. Akuti ndi dziko la fumbi ndi minga, lopanda midzi yeniyeni, misasa yokhayokha ya anthu a mitundu yonse. Poyamba ankagwira kwa mzungu wina wosauka amene ankagona mumsasa wa udzu ngati antchito ake. Mzunguyo atatopa n'kuchoka, iwo anatsala n'kumasefa okha. Ndinawafunsa kuti nanga golide wa zaka zonsezi ali kuti. Anaseka n'kundionetsa zikhatho zong'ambika ndi malo a mano awiri amene anatsala komweko.

Ine ndinkayesa abwera kudzagwira khasu, ndipo ndinawaonetsa munda wanu wa kuchulu. Anayamika, koma maso anali kwina. Tsiku lina anati akukasamba kumtsinje wathu wa Kamwala, n'kutenga kalayi wawo uja. Pobwera ankayenda ngati mnyamata. Anandiitana n'kundionetsa m'besenimo timchenga takuda, ndipo pakati pake panali timadontho tachikasu, tating'ono ngati utitiri wa nkhuku. Ndinati, "Alongo, n'chimenechi chinakusowetsani zaka zonsezi?" Iwo anati, "Mlongo, usaone kuchepa. Pansi pali amake."

Ntchito yake ndikufotokozereni, poti simunaionepo. Amakumba m'mphepete mwa mtsinje, n'kuchotsa dothi lonse la pamwamba mpaka atafika pa nsangalabwi zimene zagona pathanthwe. Akuti golide ndi wolemera, sayenda ulendo wautali, amakhazikika pansi penipeni, makamaka pamene mtsinje wakhota ndi m'kati mwa mizu ya mitengo ikuluikulu. Nsangalabwizo ndi mchenga wake amazitutira m'chimtengo chosema ngati modyera nkhumba, koma chachitali, atayala chiguduli ndi bulangeti pansi pake, n'kumathira madzi. Miyala imapita, zolemera zimakakamira m'bulangeti. Dzuwa likapendeka amachapira bulangetilo m'kalayi n'kumazunguza pang'onopang'ono, ngati mmene inu munkaserera ufa palichero. Chotsalacho amachithira m'nthenga ya nkhanga n'kutseka ndi phula. Munthu wamkulu, tsiku lathunthu m'madzi, n'kubwera kumudzi ndi nthenga yosadzaza.

Sanakhalitse okha. Kunabwera mnzawo wa ku Lupa, dzina lake Saidi, munthu wolankhula Chichewa chothyokathyoka koma wodziwa kulamula. Amuna ena a m'mudzi muno nawonso anasiya kusosa minda n'kukalowa m'madzi. Kugulitsa n'kwakabisira, chifukwa boma sililola munthu wakuda kukhala ndi golide popanda chilolezo. Saidi ndiye amadutsa malire kupita kwa Apwitikizi, n'kubwera ndi mchere, sopo ndi nsalu. Ine alongo anga anandipatsa chilundu chofiira, ndipo ndinavala kutchalitchi, ndisabise. Ali ndi lamulo lawo lakuti mkazi asayandikire dzenje, akuti golide amathawa. Amayi a m'mudzi anangoseka, n'kumadandaula za madzi okha, poti kumunsi konse anasanduka ofiira.

Poyamba ankakumba kumtunda, kumiyala kuja tinkachapira, ndipo ine sindinalabade. Koma mwezi wathawu, golide atachepa kumeneko, ndinamva a Filimoni akuuza Saidi pakhonde pompano kuti malo abwino ndi pokhota paja, kuseri kwa dimba lanu, pamene pali mikuyu. Ndinali kusenda mtedza. Lichero ndinaliika pansi.

Inu mukudziwa chimene chili kumeneko. Chaka chija Esinati anasiya kuyamwa, mwana wanga wachiwiri anabadwa osalira. Munandiuza kuti ndisalire mokweza, nthayo sailirira maliro. M'mamawa munamukulunga m'kansalu, inu ndi azamba aja a Namwale ndi a Marita, n'kupita naye kuseri kwa dimba. Ine ndinatsala m'nyumba monga mwambo umanenera, ndipo palibe mwamuna amene anauzidwa kumene mwalowera. Mutabwera munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tamuika pamwamba, pachinyontho, kuti mimba yako isatseke." Ndinafunsa kuti pati. Munati, "Ukadziwa uzipitako, ndipo ukamapitako sudzabereka. Ndikudziwa ine, n'zokwanira." Zinali zokwanira, Amayi, inu muli moyo. A Namwale anatsogola, inu munatsatira, ndipo malowo munapita nawo.

Kutchalitchi amatiphunzitsa kuti wotseka ndi kutsegula mimba ndi Mulungu yekha, ndipo ine ndimakhulupirira. Koma inunso munali mkhristu wa mgonero, ndipo khasu munanyamula tsiku limenelo. Ndiye ine ndikanatani? Ndinkaganiza za piki ya Saidi ikulowa pamalo osayawo, ndiponso za uyu ali m'mimbayu.

Ndinayamba ndauza bambo a Esinati. Mkamwini wanu mukumudziwa, munthu wabwino mtima koma wopanda mano pamudzi pano. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Ine ndine wobwera. Dothi ndi la mbumba yanu, ndipo mwini mbumba ndi alamu angawo. Komanso nkhani imeneyi si yoti n'kuyambidwa ndi mwamuna." Zoona zake zinalipo, koma ndinawakwiyira ndithu, ndipo tsiku limenelo madzi osamba anakatunga okha.

Ndinapita kwa a Marita. Ndinawapeza akutongola chimanga cha mbewu, poti manja awo safuna maso. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwanawe, ine ndidatsala panjira kuti ndibweze aliyense wobwera. M'tchiremo adalowa ndi amako ndi a Namwale." Ndinafunsa ngati anaonako mkuyu umene munalunjika. Anati, "Ndidangomva khasu, basi. Ndipo usakayerekeze kuuza mlongo wako. Zimenezi mwamuna samva, makamaka wa bere limodzi ndi iwe. Peza njira ina."

Njira zina ndinayesa. Ndinati ndikufuna kukuza dimba mbali imeneyo. A Filimoni anati akamaliza adzandisalazira okha. Ndinati kumeneko kuli njoka zoopsa. M'mawa mwake Saidi anabwera ndi mphiri yakufa atapachika pamtengo, akuseka. Ndinati inu munkakonda malo amenewo ndipo simukanalola kuti akumbidwe. Pamenepo alongo anga anasiya kuseka. Anati, "Amayi akanakonda kwambiri kuona mwana wawo atamanga nyumba n'kukwatira ngati anzake." Sananame. Munthu wabwera chimanjamanja, imvi zayamba, ana a m'mudzi akumuimba nyimbo ya mtchona akapotoloka. Dzenje limenelo ndilo linali ulemu wawo wonse. Munkati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ine ndinkawamvera chisoni ngakhale pamene ndinkawaopa.

Ndinadzinyenga kuti mwina ayamba ndi m'madzi, ndipo mvula iwapeza asanafike kumitengo. Popeza mkazi saloledwa kudzenje, ndinkangoona fumbi kuseri kwa mpanda wa dimba n'kumadziuza kuti akadali kutali. Sabata yatha m'mawa, ndikuthirira mpiru, ndinamva nkhwangwa. Pamene ndinkatuluka pampanda, mkuyu woyamba unali utagwa kale, ndipo ndinaona kuti dzenje lawo linali litadya kale mbali yaikulu ya tchire lija. Sindinaganizenso za a Marita. Ndinayenda mpaka pakamwa pa dzenjelo, ndowa ili m'manja.

Amuna onse anaima. Saidi anayamba kukuwa kuti ndaononga ntchito, ndipo a Filimoni, ali m'dzenjemo mpaka m'chiuno, anati, "Mlongo, wapenga? Bwerera!"

Ndinati, "Alongo, tatulukani, ndili ndi mawu."

Anati, "Nena pomwepo, tili pantchito."

Ndiye ndinanena, pamaso pa amuna onsewo, chimene sichinenedwa. Ndinati, "Muno muli mwana wanga. Anabadwa osalira, ndipo Amayi anamuika muno. Ndi mwana wa mbumba yanu."

Amuna a m'mudzi anaponya mafosholo n'kutuluka m'dzenje ngati mwalowa njuchi. Wina anayamba kupukuta mapazi ake pa udzu, poti mukudziwa zimene amanena, kuti munthu woponda pa nthayo amatupa miyendo. A Filimoni anatuluka pang'onopang'ono n'kudzaima pafupi nane. Anafunsa motsitsa mawu, "Pati?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Akudziwa ndani?" Ndinati, "Amayi." Anayang'ana dzenje, anayang'ana mulu wa miyala yotsukidwa kale, kenako mtsinje wofiira uja. Anati, "Bwanji sunanene tisanayambe?" Ine ndinati, "Bwanji inu simunabwere Amayi ali moyo?" Mawuwa anangotuluka, ndipo sindinawabweze.

Saidi anathamanga kukatenga kalayi n'kuwaonetsa. Ngakhale ine ndinaona kuti timadontho tija tinali tambiri kuposa tsiku loyamba lija, ndipo tina tinali tatikulu ngati mapira. Anati angofika kumene pathanthwe, amake aja ndi amenewa, ndipo akhoza kulambalala mtengo uliwonse umene ndingaloze. Koma ine ndikanaloza uti? A Filimoni anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. Kenako anati, "Kwirirani." Palibe amene anagwira fosholo. A m'mudzi ankaopa kuyandikira, ndipo Saidi anatukwana m'chilankhulo cha kwawo n'kuchoka.

Anakwirira okha, Amayi. Dzenje limene amuna ambiri anakumba, mwana wanu analibweza yekha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osadya chimene ndinkawatumizira. Pambuyo pake bambo a Esinati anatenga khasu osandiuza kanthu n'kupita kukathandiza alamu awo. Ndinawakhululukira za tsiku lija.

M'mudzi nkhani inawanda ngati moto wa lupsa. A Marita anandikalipira kuti ndavula amayi onse pamaso pa amuna, ndiponso kuti ndakaima pamalo otero ndili ndi pakati. Atatha kukalipa anatuma munthu kukakumba mizu, n'kundisambitsa okha, akupapasa. Ena akuti ndamana mudzi mchere ndi sopo. Koma amayi awiri, amene sindiwatchula ngakhale kwa inu, anabwera aliyense payekha kudzandithandiza kusinja popanda ine kuwaitana. Pochoka, wina anangoti, "Wachita bwino. Si wako yekha ali kumeneko."

Ntchito yokwirira itatha, ndinapeza alongo anga pakhonde pano akunola piki. Ndinakhala pansi chapatali n'kufunsa chimene chinkandidya. Ndinati, "Alongo, pamene munakumba paja, simunaoneko kanthu? Kansalu kapena china chake?" Anaika piki pansi. Kenako anati, "Mlongo, ndikati ndinaona ndinama, ndikati panalibe ndinamanso. Dothi la pamwamba sitiliyang'ana, timangoliponya m'madzi. Maso athu amafuna chachikasu chokha." Atatero anaweramitsa mutu, ndipo ine ndinanyamuka kuti asaone kuti ndawaona akulira.

Dzana anachoka. Saidi wamva za khwawa lina kutsidya kwa malire, ndipo atsatana. Ndinawapempha kuti atsale. Ndinati mvula ili pafupi, munda wa kuchulu ulipo, ndipo palibe amene akuwathamangitsa. Anati sangathe kumadutsa panjira ya kudimba tsiku ndi tsiku, n'kumaona pamene anakwirira paja. Anati ndikachira ndiwatumizire mawu, koma kumene mawuwo angawapeze sananene. Anamanga bulangeti lawo, n'kusenza kalayi kumsana. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano, ndipo sanacheuke.

Ndiye ndi mmene zilili, Amayi. Mwana wanu amene munamudikira mpaka kutseka maso ndamubwezera kutchire ndi pakamwa panga, ndipo wanga sindikudziwa ngati ndamupulumutsa. Sindikudandaula kuti ndinanena. Ndikudandaula kuti mwina ndinanena madzi atamutenga kale. Nthawi zina ndimakukwiyirani kuti munandibisira malowo, kenako ndimakumbukira mmene munandigwirira dzanja m'mawa uja, mkwiyo n'kutha.

Uyu ali m'mimbayu akugunda bwino, makamaka ndikaweramira ndowa. Ndikudya, ndikugona, ndipo kudimba ndikupita, koma pampanda sindidutsa. Ndikulonjeza kuti ine ndili moyo, palibe khasu kapena piki imene idzalowenso m'gombe lonselo, kuyambira pampanda mpaka pokhota. Esinati akadzakula ndidzamuuza, iyenso adzauze wake, kuti nkhaniyi isadzapitenso kumanda ndi munthu mmodzi.

Chimodzi chokha ndikupemphani. Ngati mwanayo akadali pamene munamuika, msiyeni agone. Koma ngati anapita ndi madzi, mufunefuneni kumene muliko, mumubereke kumsana. Ine sindingakuthandizeni kumuzindikira. Nkhope yake munaiona ndinu, ine simunandionetse.

Ndakusowani kwambiri, Amayi, ndipo ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Alesi